Pakhonde pa Azakhali: Alawansi ya ku Bilston

Azakhali,

Ndimakhala ku Bilston, ku England, ndipo ndimagwira ntchito yausiku yosamalira okalamba. Loweruka lililonse ndimakathandiza kagulu kena kolandira anthu othawa kwawo, kamene kamakumana mu holo ya tchalitchi. Miyezi inayi yatha, koma alawansi ndi zii, amangondibwezera ya basi. Ntchito yake ndi kuphika tiyi, kusanja majekete ndi kuperekeza alendo kukalembetsa kwa dokotala. Tsiku lina nditayamba kulangiza mnyamata wa ku Eritrea za mapepala ake, wina wa m'kaguluko anandiletsa. Ine amene ndinavutika nawo mapepala zaka zingapo! Kodi ndingosiya?

Wokhumudwa, Bilston

Iwe mwana wa achimwene anga,

Ndinkayesa kuti matenda a alawansi amathera ku mawekishopu a kunyanja, kumene munthu amasaina asanakhale n'komwe pansi. Ha, kodi unakwera nawo ndege? Tandiuza, kumudzi kwathu adzukulu akamaliza kukumba manda amafola kuti alandire envulopu? Ya basi akukubwezera, basi zakwana. Zikapitirira pamenepo usamati wadzipereka, uziti wapeza ganyu.

Tiyi ukumunyozayo umuone bwino. Ambiri mwa anthu odikira yankho la boma saloledwa kugwira ntchito yamalipiro. Ndalama imene boma linaika mu 2024 ndi £49.18 pa sabata, ndipo chakudya, sopo, basi ndi mayunitsi zonse zituluke momwemo. Mnyamata wakoyo amatha masiku akuyang'ana khoma, kunja kutada 4 koloko masana m'nyengo yozizira. Pofika Loweruka, mwina iwe ndiwe woyamba kumuitana ndi dzina lake lenileni. Ukamufunsa kuti shuga masipuni angati, wamubwezera umunthu. Jekete ukumupatsalo umuyeze m'mapewa, osangoponya ngati uli pa kaunjika.

Tsono za uloya wakowo. Amene anakuletsa umugulire tchipisi, chija chofiirira chimene anthu a kwanuko ku Black Country amanyadira, chifukwa anakupulumutsa. Lamulo la 1999 limafuna kuti wolangiza anthu za mapepala olowera ndi kukhala m'dzikolo akhale wovomerezeka. Kudwalapo malungo sikukusandutsa dokotala, mwanawe. Fomu imodzi yolembedwa molakwika ingamutayitse mnzako zaka. Ngati ukumufuniradi zabwino, kwera naye tram pa Bilston Central mpaka ku Wolverhampton, ukamufikitse ku Refugee and Migrant Centre, bungwe limene lakhala likuchita zimenezi kuyambira 1999. Kumeneko kuli alangizi ophunzira ntchitoyo. Yako ndi miyendo, makutu ndi kudikira pabenchi. Mtima ukakakamira pa uphungu, funsa za maphunziro ake, ukhale wovomerezeka, ndidzakuimbire nthungululu.

Usaiwalenso kumene unachokera. Nkhondo itavuta ku Mozambique, dziko lathu losaukali linasunga anthu oposa 1 miliyoni. Agogo ako ku Ntcheu anadula munda pakati n'kupatsa banja la ku Angonia, popanda komiti, popanda tisheti. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, alendo akhalako kuyambira 1994. Ndipo iweyo utafika ndi kachikwama kako ukunjenjemera, anakuonetsa pokwerera basi uja unamulipira zingati? Kupatsa n'kuika, mwana wanga, ndipo iwe ukubweza chabe zimene ena anaika.

Chimodzi chokha ndikugwirizana nawe: munthu wochoka ku shifiti yausiku amatopa. Uwauze a kaguluko akonze ndandanda, uzipita Loweruka kawiri pamwezi. Wodzipereka wosinza amathira mchere mu tiyi.

Pita ukateleke ketulo. Koma jekete langa la mu June lisachoke pamulu wa alendowo ayi. Langa ukagule ndi ndalama zako pamsika wa Bilston, lofiira, lamatumba akuya.

Ndine,
Azakhali ako