Mlimi wa mtedza pa mpando wa gavanala wa Georgia

Anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, tikamaphunzira mitundu ya maboma timangoloweza kuti kuli boma la federo, mayeso akatha basi taiwala. Sabata ino tione munthu mmodzi amene anagwiradi ntchito m'boma la mtundu umenewu. Dzina lake ndi Jimmy Carter. Ambiri amamudziwa ngati pulezidenti wa America, koma pano tikamba za nthawi imene anali gavanala wa chigawo cha Georgia, kuyambira 1971 mpaka 1975.

Poyamba timvetsetsane. Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chilichonse chili ndi boma lakelake: gavanala wosankhidwa ndi anthu, nyumba ya malamulo, makhoti, ndende ndi bajeti. Musafanizire ndi DC wa kwathu kuno, amene amachita kutumizidwa ndi boma. Gavanala amasainira malamulo kapena kuwakana, amasankha akuluakulu a nthambi zambiri, ndipo ndalama za masukulu ndi zipatala za boma zimadutsa pa tebulo pake. Ofuna mpandowu amakonda kujambulitsa ali m'tchalitchi, mkazi ndi ana ali pambali. Chithunzi aliyense akhoza kujambulitsa. Funso ndi lakuti: tingadziwe bwanji kuti chikhulupiriro ndi banja la mtsogoleri zikugwiradi ntchito akakhala mu ofesi? Ine ndimati tiziona pamene zinamutayitsa kanthu, kaya ndalama, anzake kapena mavoti.

Carter anabadwa pa 1 October 1924 m'katauni ka Plains, ndipo anakulira m'mudzi wa Archery, momwe mabanja ambiri anali a anthu akuda. Nthawi imeneyo malamulo a Georgia ankapatula azungu ndi anthu akuda: sukulu zosiyana, malo odyera osiyana, ngakhale pomwera madzi. M'nyumba ya makolo ake munali maphunzitso awiri. Bambo ake, a Earl, anali mlimi wolimbikira ndi wopemphera, koma ankakhulupirira kuti tsankholo ndi loyenera. Mayi ake, a Lillian, anali namwino, ndipo ankathandiza odwala akuda m'makomo mwawo osawerengera zonena za anthu. Mayi omwewa atafika zaka 68 anadzipereka kukagwira ntchito ya zaumoyo ku India. Ndiye wandale akamanena kuti amatsata makhalidwe a kwawo, mufunseni kuti a ndani, a bambo kapena a mayi? Carter anayenera kusankha.

Bambo ake atamwalira mu 1953, anasiya ntchito ya usilikali wa pamadzi n'kubwerera ku Plains kukayendetsa bizinesi ya mtedza. Mkazi wake Rosalynn sanakondwe nako kubwererako, komabe ndiye anagwira mabuku a ndalama a bizinesiyo. Chaka chotsatira khoti lalikulu la America linagamula kuti kupatula ana m'masukulu ndi kuphwanya malamulo. Azungu a kumwera anakwiya n'kuyambitsa magulu otchedwa White Citizens' Council oteteza tsankho. Carter anakana kulowa, ndipo makasitomala ena anamunyanyala kwa kanthawi. Mu 1965 mpingo wake wa Plains Baptist, momwe anali dikoni, unavota kuti anthu akuda asamalowe m'mapemphero. Mavoti anali 54 kwa 6, ndipo ambiri mwa 6 aja anali a banja la Carter. Taganizirani kuimika dzanja pa nkhani yotere, anthu amene amagula katundu wako akukuyang'ana.

Koma tisamusandutse mngelo. Zaka zomwezo anali mu komiti yoyendetsa masukulu a m'dera la Sumter, ndipo nthawi yonse imene anakhalamo ana akuda ndi ana a azungu ankaphunzirabe kosiyana.

Ndale anazilowa mu 1962, popikisana pa mpando wa seneta wa chigawo. M'dera lina la Quitman bokosi linadzazidwa mavoti achinyengo, mpaka akufa anavota nawo. Carter anakadandaula, zotsatira zinasinthidwa, ndipo analowa m'nyumba ya malamulo. Mu 1966 anayesa ugavanala koma anagwa. Wopambana anali Lester Maddox, mwini lesitilanti amene anatchuka chifukwa chothamangitsa anthu akuda ndi mipini ya nkhwangwa. Kugwaku kunamupweteka kwambiri Carter. Iye ankanena kuti ndi nthawi imeneyi pamene anabadwa mwatsopano, atacheza ndi mchemwali wake Ruth, amene anali mlaliki. Anapita mpaka ku Pennsylvania ndi Massachusetts kukalalikira khomo ndi khomo.

Apa ndiye pali pokhota nyani mchira. Munthu wobadwa mwatsopano uja atabwerera pa kampeni mu 1970, anachita ndale zosakoma. Anawerengera kuti sangapambane popanda mavoti a azungu atsankho, ndiye anayamba kuwanyengerera. Analonjeza kuti adzaitana George Wallace, mtsogoleri wa atsankho wa ku Alabama, kuti adzayankhule ku Georgia. Mdani wake m'chipani cha Democratic anali Carl Sanders, amene ankagwirizana ndi anthu akuda. Anthu ochemerera Carter anamwaza chithunzi cha Sanders akusangalala ndi osewera basketball akuda, wina akumuthira shampeni pamutu, n'cholinga choti azungu akumidzi anyansidwe naye. Carter anakana kuti sanatume munthu. Komabe amene anapindula ndi chithunzicho ndi iyeyo, ndipo pa chisankho cha m'chipanicho anthu akuda amene anamuvotera anali ochepa zedi.

Pa 12 January 1971, tsiku lolumbira, anaima ku Atlanta n'kuuza anthu mosapsatira kuti nthawi ya tsankho la mtundu yatha. Atsankho amene anamuvotera anangoti kakasi. Kwa iwo anali atawapusitsa, ndipo kunena zoona anawapusitsadi. Ena amamuikira kumbuyo, amati akanayankhula chilungamo pa kampeni, mpando ukanapita kwa wina ndipo zabwino zonse zikanalephereka. Ine sindikuvomereza msanga. Kampeni imaphunzitsa anthu. Aliyense amene analandira chithunzi chija anauzidwanso kachikena kuti kucheza ndi munthu wakuda ndi chamanyazi, ndipo mawu a tsiku limodzi safufuta zimenezo. Onjezaninso ichi: malamulo a Georgia nthawi imeneyo sankalola gavanala kuimanso motsatizana. Kulimba mtima kumaphweka ukadziwa kuti supemphanso voti kwa anthu omwewo zaka zinayi zikatha. Si choncho?

Chimene sitingamulande ndi ntchito imene anagwira atakhala pansi. Anapeza boma la Georgia lili ndi nthambi, mabodi ndi makomiti pafupifupi 300, ambiri akuchita ntchito imodzimodzi, ena ongosungira abale ndi anzawo a andale. Anawaphatikiza kukhala nthambi 22. Anabweretsanso njira yokonzera bajeti yoyambira pa ziro. Tanthauzo lake ndi ili: nthambi isamangoti chaka chatha tinalandira zakuti, chaka chino onjezerani, koma izifotokoza kuyambira pansi chifukwa chimene ikufunira ndalama iliyonse. Zimenezi sizimveka ngati nkhani ya chikhulupiriro eti? Koma kwa ine m'pamene pali umboni weniweni. Ndalama ya msonkho ndi thukuta la anthu ena, ndipo woisamala akuchita zimene amaphunzitsa ku Sande sukulu, ngakhale asatchule vesi. Adani anapeza ambiri, woyamba anali Maddox yemwe uja, amene anasankhidwa kukhala wachiwiri wake. Ku Georgia wachiwiri kwa gavanala amasankhidwa payekha, ndiye awiriwa anakokana zaka zonse zinayi.

Pa nkhani ya tsankho sanalekere pa mawu. Anthu akuda okhala m'mabodi akuluakulu a boma anachoka pa 3 kufika pa 53. Mu 1974 anapachika chithunzi cha Martin Luther King Jr. m'nyumba ya malamulo ya Georgia, pamodzi ndi cha mphunzitsi Lucy Craft Laney ndi cha bishopu Henry McNeal Turner. Kunja a gulu la Ku Klux Klan ankachita zionetsero.

Nanga banja? Ambiri tikamva kuti banja la mtsogoleri lalowerera m'boma timaganiza za makontirakiti ndi magalimoto. Rosalynn analowerera mwa njira ina. Poyenda pa kampeni ankakumana ndi makolo amene ankamufunsa za abale awo odwala matenda a maganizo. Nthawi imeneyo odwala otere ankangowatumiza ku chipatala chachikulu cha ku Milledgeville, chimene m'zaka za m'ma 1960 chinkasunga anthu pafupifupi 12,000. Tsiku lina Rosalynn anaima pa mzere wa anthu opatsa moni mwamuna wake, atafika n'kumufunsa chimene adzachitire odwalawa akadzapambana. Atapambana, Carter anakhazikitsa komiti younikira chithandizochi, Rosalynn anakhala membala, ankayendera zipatala ndiponso kugwira ntchito mongodzipereka pa chipatala china ku Atlanta. Cholinga chinali choti odwala azithandizidwa pafupi ndi kwawo, osati kutsekeredwa kutali ndi abale. Nkhondo imeneyi anaimenya mpaka ukalamba wake. Anamwalira mu November 2023, atakhala m'banja zaka 77, ndipo mwamuna wake anamutsatira pa 29 December 2024 ali ndi zaka 100.

Pali chinthu china chimene chikhulupiriro chake sichinamuletse. Mu 1972 khoti lalikulu la America, pa mlandu wa Furman wochokera ku Georgia komweko, linaimitsa chilango cha imfa chifukwa chinkaperekedwa mopanda ndondomeko. Aphungu a Georgia analemba lamulo latsopano lobwezeretsa chilangocho, ndipo Carter analisainira mu 1973. Khoti linalivomereza mu 1976. Atakalamba iye mwini anayamba kupempha kuti chilangochi chithetsedwe, ponena kuti chimagwera kwambiri osauka ndi anthu akuda. Koma lamulo linali litagwira kale ntchito, ndipo siginecha ya gavanala sibwezedwa ngati ngongole ya pa golosale.

Chodabwitsa n'chakuti umboni wa mmene makhoti ankapondera osauka unali m'nyumba mwake momwe. Ku Georgia akaidi odalirika ankatumizidwa kukagwira ntchito ku nyumba ya gavanala. Mmodzi mwa iwo anali Mary Prince, mayi wakuda amene anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse pa mlandu wakupha. Loya wake anangokumana naye mwachidule n'kumuuza kuti avomere mlandu. Rosalynn atacheza naye anakhulupirira kuti sanaphe munthu, ndipo banjali linamupatsa ntchito yolera mwana wawo wamkazi Amy, amene anabadwa mu 1967. Tangoganizani mmene adani a ndale akanaigwiritsira nkhaniyi chikanachitika kanthu. Carter atakhala pulezidenti mu 1977 anapempha kuti Mary apite nawo ku White House, ndipo iye mwini anaikidwa kukhala womuyang'anira monga mkaidi wotulutsidwa msanga. Pambuyo pake mlandu unaunikidwanso ndipo Mary anakhululukidwa kotheratu. Banja la Carter litabwerera ku Plains mu 1981, nayenso anakakhazikika komweko, pafupi ndi nyumba yawo.