Jinja ndi Kupweteka kwa M'mimba pa Nthawi ya Kumwezi

Phunziro la mwezi uno ndi la amayi, atsikana ndi aphunzitsi. Tidziwa kuti nkhani imeneyi sikambidwa pabwalo, ndipo tipempha akuluakulu kuti atikhululukire. Koma taganizani. Mtsikana akajomba kusukulu masiku awiri mwezi uliwonse chifukwa cha m'mimba, pakutha chaka wataya masiku oposa 15. Amenewa ndi masabata atatu a sukulu. Kodi mwana wotere adzakhoza bwanji mayeso a Sitandade 8?

Chimene chipweteka n'chiyani?

Pa nthawi ya kumwezi chiberekero chimadzifinya kuti chitulutse magazi. Chimene chichititsa zimenezi ndi timadzi tina ta m'thupi totchedwa prostaglandin. Timadziti tikachuluka, chiberekero chifinya kwambiri, ndipo munthu amva kupweteka pansi pa mchombo ndi kumsana. Ena amva mseru, ena atsekula m'mimba. Kawirikawiri ululu umakula tsiku loyamba ndi lachiwiri, nuchepa tsiku lachitatu.

Tsono onani kuti ameneyu si ulesi ayi, ndiponso si kulodzedwa. Ena amauza atsikana kuti mankhwala ake ndi kukwatiwa kapena kudziwa mwamuna. Malangizo amenewa ndi oipa. Mwana angathe kutenga mimba kapena matenda, ndipo sukulu yake ithera pomwepo.

Jinja athandiza bwanji?

Jinja ndi mbewu yochokera ku Asia, ndipo lero apezeka m'misika yathu yambiri. Mu muzu wake muli mankhwala otchedwa gingerol, amene achititsa kuti jinja aziwawa pakamwa. Mankhwalawa achepetsa timadzi tija tofinyitsa chiberekero.

M'chaka cha 2009 akatswiri a ku Iran anafalitsa zimene anapeza atayesa jinja pa atsikana 150 a sukulu zaukachenjede. Gulu lina linamwa ufa wa jinja wolemera mamiligalamu 250 kanayi pa tsiku kwa masiku atatu. Magulu ena awiri anamwa mankhwala a kuchipatala, ena mwa iwo ibuprofen, amene ambiri timati Brufen. Anapeza kuti jinja anachepetsa ululu mofanana ndi mankhwala enawo.

Kakonzedwe kake

1. Tengani jinja wouma, mumusinje mu mtondo woyera ndi kusefa. Sungani ufawo m'botolo lotseka bwino.

2. Muyeso wa tsiku lonse ndi theka la supuni yaing'ono ya tiyi, ndiyo pafupifupi galamu imodzi. Gawani thekali panayi: m'mawa, masana, madzulo ndi pogona. Thirani m'madzi otentha, mu tiyi kapena m'phala.

3. Ngati muli ndi jinja wamuwisi, dulani kachidutswa kofanana ndi nsonga ya chala chachikulu. Katsukeni, mukaphwanye, ndi kuwiritsa m'makapu awiri a madzi kwa mphindi khumi. Sefani ndi kumwa akadali ofunda.

4. Yambani tsiku lomwe mwayamba kusamba, ndipo mulekeze tsiku lachitatu kapena lachinayi. Musapitirire supuni yaing'ono imodzi ya ufa pa tsiku.

Imwani mutadya kanthu, chifukwa jinja m'mimba yopanda chakudya amayambitsa kutentha pamtima. Botolo la madzi otentha lokulunga m'chitenje n'kuliika pamimba lithandizanso kwambiri. Zakumwa za m'mabotolo zolembedwa jinja si mankhwala ayi, muli shuga wambiri.

Chenjerani

Mayi amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga warfarin, ayambe wafunsa adokotala. Chimodzimodzinso amene ali ndi zilonda za m'mimba, ndi amene akuganiza kuti ali ndi pakati.

Jinja atonthoza ululu chabe, sachiza matenda. Pitani kuchipatala msanga mukaona chimodzi mwa izi: magazi ambiri kapena kusamba kopitirira masiku asanu ndi awiri, kutentha thupi pamodzi ndi chikazi chonunkha, ululu umene ukukulirakulira mwezi ndi mwezi, kapena wayamba mutakula kale. Makamaka mayi amene wadumphitsa mwezi namva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya mimba, kapena akomoka, asagone panyumba. Mwina mimba yakhala kunja kwa chiberekero, ndipo zimenezi zimapha.

Mawu kwa aphunzitsi ndi makolo

Aphunzitsi aakazi ndi amayi a m'makomiti a sukulu, werengerani atsikana phunziroli pa okha. Aphunzitsi aamuna, mwana akapempha kutuluka musamufunse zambiri pamaso pa anzake. Makolo, dzalani jinja pang'ono kudimba kapena kuseri kwa nyumba. Dulani muzu m'zidutswa zokhala ndi maso, mudzale mvula ikayamba, pa nthaka ya manyowa yosadikha madzi. Patapita miyezi isanu ndi itatu kapena khumi masamba afota, ndipo mukumba. Mapando ochepa chabe akwanira banja chaka chonse, ndipo mwana wanu sadzasowa chomuthandiza mwezi ukakwana.