Za Muyeso wa Mankhwala a Malungo ndi Kuwamwa Mpaka Atatha

Inu makolo a ku Ulongwe, amene midzi yanu yayandikana ndi madambo a Shire, kumene udzudzu umaswana mvula ikangogwa, tikupemphani kuti mutchere khutu pa nkhani ya mankhwala a malungo otchedwa LA, pakuti mankhwala amenewa tinawapeza movutikira. Akuluakulu akumbukira kuti kale tinkadalira chloroquine, kufikira mu 1993 pamene boma, litaona m'kafukufuku wa madokotala kuti tizilombo ta malungo taleka kumumva, linamuchotsa n'kuika Fansidar. Nayenso Fansidar anafooka, ndipo mu 2007 anasiyira malo LA amene tili nayeyu. Mwa zinthu zimene zimalimbitsa tizilombo chotero, china ndicho kumwa mankhwala mopereweza.

Mukafika ndi mwana pa chipatala, akamuyeza magazi pachala n'kumupeza ndi malungo, musanyinyirike akamukweza pa sikelo, chifukwa muyeso wa LA utsata kulemera kwa thupi: wosafika makilogalamu 15 amamwa piritsi limodzi nthawi iliyonse, wa 15 mpaka 24 awiri, wa 25 mpaka 34 atatu, ndipo woposera apo anayi. Amwe kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ulendo wachiwiri patapita maola 8, pambuyo pake m'mawa ndi madzulo. Ndipo azimwera pa phala la nsinjiro, mkaka kapena bere, popeza mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akatsagana ndi chakudya cha mafuta.

Koma chimene chimatiwawitsa mtima ife alangizi poyendera makomo ndi ichi, chakuti tsiku lachiwiri, thupi likazizira ndipo mwana wayamba kusewera pabwalo, mayi, mwachifundo ndithu, amakulunga mapiritsi otsala m'kansalu n'kuwasomeka kudenga, ati adzathandize mng'ono wake akadzadwala. Amayi athu, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere: tizilombo totsala m'magazi timachulukananso, malungo amabwerera, ndipo mng'onoyo adzapatsidwa muyeso umene sunali wake, asanayezedwe n'komwe.

Mwana akasanza lisanathe theka la ola atamwa, mumwetseninso, ndipo mubwerere kuchipatala akakuonjezereni mapiritsi. Koma akayamba kukomoka, kulefuka kwambiri, kukana bere, kapena zikhatho zake zikayera, musadikire kuti kuche. Pitani naye msanga pa chipatala chapafupi, kumene akaona kufunika kwake adzamutumiza ku Balaka kapena ku Liwonde.