Phunziro: Kutsekera Mlendo Osaonekera ku Khoti

Ophunzira inu, funso lathu lero ndi ili: kodi boma lingatsekere munthu pongomukayikira kuti alibe mapepala okhalira m'dziko? Tiphunzira nkhaniyi kuchokera ku South Africa, kumene abale athu ambiri amapita kukafuna ntchito.

Choyamba, boma lili ndi mphamvu yobweza kwawo munthu wokhala m'dziko popanda chilolezo. Zimenezi makhoti sakana. Mkangano uli pa kagwidwe ndi kasungidwe ka munthuyo. Ambiri oyembekeza kubwezedwa amasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp. Gawo 34 la lamulo la imigireshoni la 2002 linkalola kuti munthu atsekeredwe masiku 30 osaonana ndi woweruza. Khoti linkatha kuwonjezera masiku ena 90 mwiniwakeyo asanaimirire pamaso pake n'komwe.

Bungwe la Lawyers for Human Rights linakasuma. Mu June 2017 Constitutional Court, khoti lalikulu kuposa onse m'dzikomo, linagamula kuti zimenezi n'zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Linalamula kuti wogwidwa azionekera ku khoti pasanathe maola 48, ndipo linapatsa Nyumba ya Malamulo miyezi 24 kuti ikonze lamulolo. Miyeziyo inatha lamulo lisanakonzedwe. Mu 2023 khotilo linadzudzula kuzengereza kumeneku, mpaka linalamula nduna yoyang'anira za imigireshoni pa nthawiyo, Aaron Motsoaledi, kuti alipire kuchokera m'thumba mwake gawo la ndalama za mlandu.

Chachiwiri, tifunse: wapolisi amasankha bwanji munthu woti amuimitse? Apa ndi pamene tsankho limalowera. Anthu akhala akuimitsidwa chifukwa cha kuda kwa khungu kapena kalankhulidwe, ndipo ngakhale nzika zenizeni za South Africa zagwidwapo motero. Mu 2025 khoti lalikulu la ku Johannesburg, pa mlandu wokhudza gulu la Operation Dudula lomwe linkafunsa anthu ziphaso, linanena kuti anthu wamba alibe mphamvu yofunsa anzawo ziphaso. Oyenera kutero ndi apolisi ndi a imigireshoni, ndipo nawonso azikhala ndi chifukwa chomveka chokayikira munthu.

Gwiritsitsani mfundo iyi: ufulu wosamangidwa mwachisawawa ndi wa munthu aliyense, wa pasipoti ndi wopanda pasipoti yemwe. Wogwira munthu asakhalenso woweruza mlandu wake. N'chifukwa chake khoti liyenera kumuona munthuyo ndi maso, kumva mbali yake, kenako n'kugamula.

Ntchito yanu: fotokozani chifukwa chake maonekedwe a munthu sangakhale umboni woti ndi mlendo wopanda chilolezo.