Kufufuza utsi wothawa ndi phokoso pa galimoto yoikidwa ma headers

Petulo akapsa mu injini, utsi umatuluka mu silinda iliyonse kudzera pa bowo lake la pa silinda hedi. Chitsulo choyamba kulandira utsiwo chimatchedwa manifodi. Kufakitale amakonda kuika manifodi yochindikala ndi yolemera, imene imasonkhanitsa utsi wa masilinda a mbali imodzi m'mphako imodzi. Ku United States, eni ambiri a mapikiapu akuluakulu monga Ford F-150, Chevrolet Silverado ndi Ram 1500 amachotsa manifodi imeneyi n'kuikapo ma headers. Amenewa ndi mapaipi a chitsulo chopyapyala. Silinda iliyonse imakhala ndi paipi yakeyake, ndipo mapaipiwo amakakumana kumunsi pamalo otchedwa kolekita. Cholinga n'chakuti utsi uzituluka mosapanikizana kuti injini ipeze mphamvu yoonjezera. Ena amagula ma headers chifukwa manifodi yakale yang'aluka kapena mabauti ake athyoka, vuto lodziwika bwino pa injini ya Hemi 5.7 ya Ram.

Ma headers akangoikidwa, galimoto imamveka mosiyana ndi kale, koma si phokoso lililonse latsopano limene lili vuto. Manifodi yochindikala ija imameza phokoso monga limachitira denga la udzu pa mvula, pomwe paipi yopyapyala imalira ngati malata. Motero kutseguka ndi kutsekeka kwa mavalavu, kumene kale sikunkamveka, kumayamba kumveka pang'ono. Injini ikazimitsidwa pamamvekanso kuthetheka kwapatalipatali kwa mphindi zingapo. Kumeneko n'kuzizira kwa chitsulo basi. Nako kautsi konunkha penti pa tsiku loyamba n'kosadetsa nkhawa, kamatha kokha.

Utsi wothawa uli ndi kulira kwake, ndipo nthawi yabwino youmvetsera ndi m'mawa injini isanatenthe. Ikangolizidwa pamamveka tche-tche-tche wotsatira liwiro la injini. Pakapita mphindi zochepa phokosolo limachepa kapena kutheratu. Chifukwa chake n'chakuti chitsulo chikatentha chimafutukuka n'kutseka kampata kamene utsiwo umathawirapo. Eni galimoto ambiri amanyengeka pamenepa poganiza kuti vuto latha, chonsecho m'mawa mwake tche-tche uja amabweranso, ndipo utsi wotentha umakhala ukudya gasiketi pang'onopang'ono. Chizindikiro china chimamveka pamsewu. Phokoso la utsi wothawa limakula galimoto ikamakwera mtunda kapena ikasenza katundu, n'kuchepa dalaivala akachotsa phazi pa moto. Phokoso la mavalavu osowa oyilo m'kati mwa injini silisintha kwambiri ndi katundu.

Malo amene utsi umathawira kawirikawiri ndi atatu. Oyamba, amenenso amavuta koposa, ndi pamene ma headers agundana ndi silinda hedi. Pamenepa pali mbale yachitsulo yogwira mapaipi onse, imene amakaniko amaitcha flange, ndipo pakati pake ndi silinda hedi pamakhala gasiketi. Achiwiri ndi pa kolekita, polumikizana ndi paipi ya ekizozi. Achitatu ndi mowotcherera, makamaka pa ma headers otchipa, momwe mumatsala timabowo tosaoneka ndi maso.

Makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi tochi, injini ili yozizira. Utsi wothawa umasiya mwaye wakuda m'mphepete mwa gasiketi kapena pafupi ndi bauti, ndipo pa chitsulo chatsopano mwayewo suvuta kuona. Akaupeza, amaliza injini n'kutenga kapaipi ka labala, mbali imodzi kukhutu, ina akuyendetsa pafupi ndi polumikiza paliponse. Pamene pali mpata phokoso limakula mwadzidzidzi. Mnzake akatseka pang'ono kukamwa kwa ekizozi ndi chiguduli kwa kamphindi, utsi umapanikizika ndipo fwiii wa pampatapo amamveka bwino. Zonsezi ziyenera kuchitika mwachangu, pakuti ma headers amatentha moti n'kuwotcha dzanja isanathe mphindi imodzi.

Njira ina yotsimikizika ndi ya sopo, ndipo siifuna kuliza injini. Makaniko amalowetsa mpweya kukamwa kwa ekizozi ndi makina opemerera, n'kuwaza madzi a sopo polumikiza ponse ndi mowotcherera. Pamene pali mpata pamatuluka thovu. Pa chitsulo chotentha njirayi siigwira ntchito, chifukwa madzi amauma thovu lisanaoneke.

Nayo kompyuta ya galimoto imatha kuulula vutoli. Pa paipi ya ekizozi pali sensa yoyeza okosijeni wotsala mu utsi. Utsi sutuluka mondondozana, umatuluka modukizadukiza, ndipo pakati pa kutuluka kumeneku mpweya wakunja umayamwidwa kulowa pampata paja. Mpatawo ukakhala kumtunda kwa sensa, sensayo imapeza okosijeni wambiri, kompyuta n'kuganiza kuti petulo wachepa, ndiye imaonjezera. Galimoto imayamba kumwa mafuta kwambiri, ndipo getsi lochenjeza za injini limayaka. Makina owerengera kompyuta amaonetsa nambala P0171 ngati vuto lili mbali yoyamba ya injini, kapena P0174 ngati lili mbali yachiwiri. Apa ndi pamene ena amataya ndalama pogula sensa yatsopano pomwe yakaleyo ili bwinobwino.

Kukonza kumayambira pa mabauti. Gasiketi yatsopano imaphwa pang'ono ikatentha ndi kuzizira maulendo angapo, ndipo mabauti amene anali olimba amasanduka olefuka. N'chifukwa chake opanga ma headers ambiri amalangiza kumanganso mabauti galimoto itayenda masiku oyambirira. Amamangidwa injini ili yozizira, kuyambira apakati kupita kumapeto, ndi sipanala yoyeza mphamvu, motsata nambala yolembedwa m'buku la galimotoyo. Kumanga mopitirira muyeso n'koopsa, pakuti silinda hedi ya mapikiapu ambiri amakono ndi ya aluminiyamu, yofewa, ndipo mazinga ake sachedwa kutha. Phokoso likapitirira, ma headers amachotsedwa kuti gasiketi ionedwe. Ikapezeka yopserera imasinthidwa, ndipo amakaniko ambiri amasankha ya zitsulo zopyapyala zosanjikizana chifukwa imapirira moto kuposa ya mapepala imene imabwera m'katoni pamodzi ndi ma headers. Asanabwezeretse, makaniko amagoneka lula yachitsulo pa flange. Pakaoneka kuwala pansi pa lulayo ndiye kuti flange yapindika, ndipo gasiketi iliyonse idzapsanso kufikira chitsulocho chitapalidwa kuti chilingane.

Phokoso lina silikhudzana ndi utsi m'pang'ono pomwe. Ma headers amatenga malo aakulu kuposa manifodi, choncho paipi ikhoza kumakhula chitsulo cha sitiyaringi kapena chesisi. Gwedegwede wake amamveka pokhota, ponyamuka kapena pa mabampu, ndipo pokhulanapo pamasalala n'kumanyezimira. Nthambo ya pulagi ikakhudza paipi yotentha imasungunuka, moto n'kumadumphira pa chitsulo ndi kaphokoso kofanana ndi ka utsi wothawa. Kusiyana kwake n'kwakuti injini imanjenjemera chifukwa silinda imodzi siikuyaka bwino, ndipo mumdima timoto tabuluu timaoneka tikudumpha.

Utsi wothawira pansi pa boneti umatha kulowa mokhala anthu kudzera m'mabowo a mpweya. Mu utsiwo muli mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu akaupuma amamva mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, ndipo ukachuluka umapha. Pa chifukwa chimenechi injini siilizidwa m'galaja yotseka, ndipo galimoto imene mukumveka fungo la utsi m'kati iyenera kuyenda mawindo ali otsegula mpaka ikafike kokonzetsa.