Kodi Mishoni ndi Malo Kapena ndi Nchito?

Kwathu munthu akati, "Ndiri kupita ku Mishoni," aliyense adziwa kumene anena: ndi kuja kuli chalichi ca njerwa, cipatala, sukulu, ndi mitengo ya bulugamu yondandalika m'mbali mwa mseu. Inenso ndinakula ndi maganizo omwewo, kuti mishoni ndi malo, ndipo mmishoni ndi Mzungu wa ndebvu wobvala cipewa. Ndinazindikira kulakwa kwanga mwezi wathawu, pamene tinali kuphunzira buku la Macitidwe a Atumwi m'kagulu kathu ka Lacisanu madzulo, ndipo ndaganiza kuti ndilembeko pang'ono m'magazini yathu ino kuti anzanga amene panalibe amveko.

Mau akuti mishoni anacokera ku Cilatini, ndipo tanthauzo lace ndi kutuma. M'cinenero cathu tiri nao kale mau otere, pakuti mtumwi ndiye munthu amene watumidwa. Mwana amene amai ace amtuma kukapala moto kwa anansi ali mtumwi wa amai acewo kufikira atabwera nao motowo. Tsono funso la phunziro lathu linali ili: pamene Ambuye Yesu analamula ophunzira ace, kumapeto kwa Uthenga Wabwino wa Mateyu, mutu 28, kuti apite kwa anthu a mitundu yonse, kodi anatuma khumi ndi mmodzi aja okha, kapena anatuma Mpingo wonse?

Yankho tinalipeza m'mutu 8 wa Macitidwe. Stefano ataphedwa ndi miyala, Akristu a m'Yerusalemu anazunzidwa kwambiri, nabalalika ku Yudeya ndi ku Samariya. Atumwi eni ace anatsala mumzinda. Ambiri a iwo amene anaturuka ndi uthenga anali anthu wamba, othawa kupulumutsa moyo wao, opanda udindo uliwonse mu Mpingo. M'mutu 11 timva kuti ena a iwo, a ku Kupro ndi a ku Kurene, atafika ku Antiokeya anayamba kuuza Ahelene za Yesu, pamene anzao anali kulankhula ndi Ayuda okhaokha. Luka sanatiuze ngakhale maina ao. Kurene unali mzinda wa kumpoto kwa Africa, m'dziko limene lero licedwa Libya; ndiye kuti anthu ocokera m'Africa mwathu muno analipo pa ciyambi penipeni pa nchito imeneyi. Ndipo mpingo wa ku Antiokeya womwewo, umene unayambidwa ndi anthu opanda maina, ndiwo unatuma Barnaba ndi Saulo pa ulendo wao woyamba, monga tiwerenga m'mutu 13.

Titafika pamenepa mnzanga wina wa Fomu 4, amene adziwa kutsutsa koposa tonse, anaimirira nati, "Zimenezo nza m'Baibulo. Kuno kwathu Cikristu cinabwera pa sitima pamodzi ndi Azungu, ndipo m'mbuyo mwace munadza Boma la atsamunda. Nanga ife titengerenji nchito ya eni ace?" Sindinamyankhe usiku umenewo, cifukwa m'mau ace muli coonadi cina. Sitima ya Ilala inalowadi m'Nyanja ya Malawi m'caka ca 1875, itanyamula Dr Robert Laws ndi anzace a Mishoni ya Livingstonia, ndipo mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Britain. Nzoonanso kuti amishoni anacedwa kukhulupirira anthu akuda pa nchito ya ubusa. Livingstonia inadzoza abusa ace oyamba a kuno, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, m'caka ca 1914, patapita zaka 39 cifikire Ilala. Zimenezi siziyenera kubisika. Koma m'mawa mwace ndinapita m'nyumba yathu ya mabuku kukafufuza mbiri, ndipo ndinapeza kuti mnzangayo ananena theka lokha la nkhani.

Tamvani za William Koyi. Iyeyu anali Mxhosa wa ku South Africa, amene anayamba wagwira nchito yoyendetsa ngolo, nalowa sukulu ya Lovedale ali wamkulu kale. M'caka ca 1876 Dr James Stewart, mkulu wa sukuluyo, anafunsa ophunzira ace ngati alipo ena ofuna kupita kukathandiza mishoni yatsopano ya ku Nyanja. Anasankhidwa anai: Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Taonani anzanga, amenewa anali ana a sukulu yogonera konko monga ife tomwe, odya m'cipinda cimodzi ndi kudzuka ndi belu. Koyi sanali wanzeru woposa anzace pa maphunziro. Iye mwini anadziyesa munthu wa theka la talente, woyenera kutema nkhuni ndi kutunga madzi. Wauchope anadwala nabwerera kwao msanga. Mngunana anamwalira ku Cape Maclear mu 1877, asanathe ndi zaka ziwiri zomwe. Ntintili anagwira nchito zaka zingapo nabwerera. Wa theka la talente uja ndiye anakhalitsa.

Koyi anali ndi cinthu cimodzi cimene Dr Laws analibe, ngakhale anali ndi maphunziro onse a ku Scotland. Angoni a Inkosi M'mbelwa anali ana a anthu aja amene anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835 pocokera kumwera, ndipo cinenero cao cinali pafupi ndi Cixhosa. Cotero Koyi anatha kukhala nao pabwalo, kumva miyambi yao, ndi kudziwa pamene munthu ayenera kulankhula ndi pamene ayenera kukhala cete pamaso pa mafumu. Iye ndiye anali kamwa ndi makutu a mishoni. Mu 1882 anakakhala pa Njuyu, m'boma la Mzimba, pakati pa anthu amene anali kuopedwa ndi mitundu yonse ya m'mbali mwa nyanja. Angoni anamkonda namcha dzina lakuti Mtusane, koma sukulu anaikana, poopa kuti anyamata ao akaphunzira adzaleka nkhondo.

Ine pano ndi pamene ndinaima nthawi yaitali ndi buku m'manja. Zaka zinai munthu ali pamalo amodzi, wopanda sukulu, wopanda wobatizidwa ndi mmodzi yemwe. Ife tikalalikira kamodzi pa msonkhano wa m'mawa ndipo anyamata a kumbuyo aseka, timati, "Basi, sindidzayesanso." Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo Koyi anadekhadi. Anyamata owerengeka, ana a sing'anga wina wa kwa Tembo, ankabwera usiku mobisa kudzaphunzira kuwerenga. Cilolezo ca sukulu cinaperekedwa mu 1886, Koyi ali gone pa mphasa, ndipo anamwalira caka comweco, naikidwa pa Njuyu pomwepo. Awiri a anyamata a usiku aja, Mawelera Tembo ndi Makara Tembo, anabatizidwa mu 1890, ndiwo oyamba mwa Angoni a kumeneko. Wobzala anali atagona m'manda zaka zinai.

Ndipo anthu a kuno atalandira uthenga sanaufungatire. David Kaunda, wophunzira wa ku Livingstonia, anatumidwa kwa Abemba a ku Chinsali mu 1904, nakhazikika kumeneko, naphunzira cinenero ca eni dziko, namanga masukulu zaka zambiri mbusa Wacizungu asanakakhaleko. Anthu ambiri amdziwa cifukwa ca mwana wace Kenneth, amene anakhala Pulezidenti woyamba wa Zambia mu 1964, koma atate ace ayenera kukumbukika pa nchito yao yao. Leonard Kamungu wa ku Chia, kufupi ndi Nkhotakota, anadzozedwa unsembe wa Mpingo wa Anglican mu 1909, napita ku Msoro, kum'mawa kwa Zambia, nafera komweko mu 1913. Lewis Bandawe wa Mishoni ya Blantyre anapita ku Mihecani m'dziko la Mozambique mu 1913, nagwira nchito yaikuru yomasulira Cipangano Catsopano m'Cilomwe. Nanga aphunzitsi a m'midzi aja, amene anayenda pansi ndi coko ndi kabuku m'thumba, naphunzitsa pansi pa mtengo, angawawerenge ndani? Amenewo ali ngati anthu a ku Kupro ndi a ku Kurene, maina ao sanalembedwe. Sitima inafika pa doko ndithu, koma kucokera pa doko kufika kumudzi kwa agogo anu ndi anga uthenga unayenda ndi mapazi a anthu akuda.

Tsopano ndiyenera kuulula za ine mwini, kuti mungayese ndilemba monga munthu wolungama. Pa chuthi capitaci mkulu wa mpingo wa kwathu anadza kunyumba m'mawa, nakhala pa mpando umene amai anampatsa, nati, "Mwana wanga, popeza wabwera, kodi sungamapite Lacitatu lirilonse kwa agogo aja a kutsidya kwa dambo kukawawerengera Mau? Maso ao anacita khungu, ndipo kuchalichi safikanso." Ine ndinayankha mwaulemu kuti, "Pepani bambo, ine sindinaphunzire za ubusa, ndiponso ndiri ndi mabuku ambiri oti ndiwerenge." Iwo sanakwiye. Anangoti, "Cabwino, mwana wanga," natenga njinga yao napita. Koma zoona zace nzakuti ndinacita manyazi. Ndinaopa kuti anyamata anzanga a pa sitolo adzandiona ndi Baibulo m'khwapa nadzandicha "abusa." Ndinadziyesanso wamkuru, wa ku sekondale, wosayenera kukhala pa mkeka m'kanyumba ka utsi. Mabuku ambiri aja sindinawerenge ndi limodzi lomwe. Koyi anacoka ku Lovedale kufika ku Mzimba. Ine ndinalephera kuoloka dambo.

Wina adzafunsa kuti, "Nanga tinene ciani, ife osadziwa zambiri?" Kumbukirani kamtsikana kaja ka m'buku laciwiri la Mafumu, mutu 5, kamene kanagwidwa ukapolo nikatumikira mkazi wa Namani. Sikanalalikire ulaliki wa mitu itatu ai. Kanangonena cimene kanadziwa, kuti ku Samariya kuli mneneri amene angathe kuciritsa khate la mbuye wace. Kufalitsa Uthenga Wabwino sikufuna kuti munthu ayambe wakhoza mayeso. Sindikhulupiriranso kuti ndi kukangana kapena kunyoza. Pa sukulu pano tiri ndi anzathu Acisilamu ndi a mipingo yosiyanasiyana, ndipo ndaona ena a ife akuwapanikiza pa ngodya ndi mafunso monga apolisi. Munthu amene wamcititsa manyazi pa gulu sadzamvanso mau ako, ngakhale akhale okoma cotani. Koyi anayamba wakhala pansi ndi kumva Angoni asanawauze kanthu.

Palinso cina cimene ndiyenera kunena ngakhale ena adzandida naco. Mishoni yoyandikira koposa iri m'nyumba zathu zogonamo. Caka ndi caka ana a Fomu 1 amafika ndi masutikesi ao, ali ndi mantha, ndipo ena a ife amene timaimba mokweza Lamulungu ndife omwe timawalanda ndiwo, kuwacapitsa malaya athu ndi kuwatuma madzi usiku. Mwana wotere ukadzamuitana ku kagulu ka Baibulo adzabwera cifukwa ca kuopa, koma mumtima adzati, "Mulungu wa mkulu ameneyu ndiye uja anandidyera nyama yanga." Ndinaciona ndi maso anga, ndipo pamene ndinali mu Fomu 2 ndinacitako.

Mnzanga wa Fomu 4 uja ndinamuonetsa zonse ndinapezazi. Sanagonje kwenikweni, anati nkhani ya abusa a 1914 ikali kumuwawa, ndipo ine ndinati inenso indiwawa. Koma anabwereka buku lonena za Koyi, ndipo kufikira lero sanalibweze.

Kwatsala masabata atatu kuti titsekere. Ndalembera kalata mkulu wa mpingo uja kupepesa, ndi kumuuza kuti Lacitatu loyamba la chuthi ndidzapita kutsidya kwa dambo. Ayankha kuti agogowo akali moyo, ndi kuti akonda kumva za Rute ndi Naomi, koma ndikawerenge mokweza ndi pang'onopang'ono, popeza makutu aonso ayamba kubvuta.