Boti lokonzera pabwalo

Ku Kasinje nyanja sioneka, koma usipa umadutsa tsiku ndi tsiku. Magalimoto ochokera ku Monkey Bay ndi ku Malembo akafika pa Golomoti n'kukhotera mumsewu wa M5 wopita ku Balaka, amadzera pomwepa atasenza matumba a nsomba zouma. Bambo wina wa m'derali, katswiri wokonza njinga zamoto za kabaza, ankaona zimenezi mtima uli dyokodyoko. Chaka china atagulitsa chimanga ndi ng'ombe, anapita ku Malembo kukagula boti lakale lamatabwa lomwe linagonera pamchenga, pamodzi ndi injini yake ya Yamaha Enduro ya mahosipawa 15 yomwe inali itasiya kulira.

Mkulu wina wokhoma maboti pagombepo anamuuza kuti, "Achimwene, lisiyeni konkuno. Boti salikonzera kumtunda." Iye anangoti mkuluyo akufuna ganyu. Anachita hayala lole, boti n'kukatsitsidwa kuseri kwa nyumba yake.

Aliyense wa m'chigwa cha Bwanje akulidziwa dzuwa la mu Okutobala. Matabwa anauma gwa, n'kukhwinyata, mipata n'kuyasama moti chala chinkalowa. Amisiri a kunyanja amatseka mipata yotere pokhomeramo thonje ndi kumata phula, kenaka amalisiya boti m'madzi osaya masiku angapo kuti matabwa afufume ndi kugwirana. Bamboyu anamata ndi phala louma msanga lija amatsekera mabowo a galimoto. Anakhoma misomali wamba ya denga, yosachedwa kuchita dzimbiri. Thabwa lakumbuyo, pomwe injini imamangidwa, chiswe chinali chitalidya m'kati, koma penti wabuluu anabisa zonse. Odutsa ankaima n'kumayamikira.

Pa injini m'pamene pandipweteka mtima, chifukwa luso analidi nalo. Anatsuka kabuleta, kusintha mapulagi, kusakaniza petulo ndi oyilo moyenera. Tsiku lina anaimangirira pamtanda patsinde pa mango n'kukoka chingwe. Inalira! Ana anakuwa, amayi analulutira, ndipo iye anaisiya ikulira kuti oyandikana nawo amve bwino. Chimene sanadziwe n'chakuti njinga yamoto imazizira ndi mphepo pomwe injini ya boti imazizira ndi madzi. M'mwendo mwake, pamwamba pa pulopela, muli kampira ka mapiko kotchedwa impela, komwe kamapopa madzi kuti azungulire injini. Kakazungulira pouma, mphindi imodzi siitha kasanapse. Wodziwa amamiza mwendowo mumgolo wodzaza madzi asanalize, n'kumayang'ana ngati kamtsinje ka madzi kakutuluka kumbuyo. Kakapanda kutuluka, amazimitsa pompo. Bamboyu anaipha injini yake tsiku lomwelo limene ankasangalala kuti waidzutsa.

Chombo chakale chimagonjetsa ngakhale a ndalama zawo. Sitima ya Chauncy Maples inapangidwa ku Glasgow mu 1899 ndipo inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1901. Anthu akufuna kwabwino a ku Britain anasonkha ndalama zambiri kuti aikonze pa Monkey Bay, pamalo okonzera sitima enieni, isanduke chipatala choyandama. Ntchitoyo inasiyidwa chipatalacho chisanaonepo wodwala. Ngati zinavuta pomwe pali mainjiniya ndi zipangizo, nanga kuseri kwa nyumba?

Ndalama za bambo uja zinathera panjira, choncho boti linabwerera ku Malembo mu Juni, nyengo ya mwera. Bamboyu sanaitane a Dipatimenti ya Marine, amene amayendera maboti asanawalole kugwira ntchito. Majekete oyandamitsa munthu analibe ndi limodzi lomwe. Alovi odziwa nyanja ataliona anakana kukwera, ndiye anatenga adzukulu ake a kumudzi, anyamata ozolowera khasu. Mmodzi anafunsa, "Amalume, kodi sitiyamba taliyesa pafupi pompano?" Anamuyankha kuti petulo ndi wodula, palibe woseweretsa.

Ananyamuka madzulo. Gombe litayamba kuzimirira, injini inatentha, kununkha, n'kuima. Chingwe chinakana kukokeka. Apo n'kuti matabwa atayamba kumwa madzi ndi kufufuma, phala louma lija likusweka n'kumagwa. Mwera unakula. Anyamata anakapa madzi ndi zidebe usiku wonse, wina akulira kuitana mayi ake. Ukonde wa ngongole anautaya kuti boti lipepuke. M'bandakucha asodzi ena obwerera kochilimila ndiwo anawaona n'kuwakokera kumtunda. Palibe anamwalira, koma alongo ake a bamboyu, mayi wa anyamatawo, mpaka lero samupatsa moni.

Inu amene mwaona boti lotchipa pagombe ndipo manja akukuyabwani, sindikukuletsani kugula. Musanapereke ndalama, tengani mmisiri wa maboti abaye thabwa lililonse ndi mpeni, makamaka lakumbuyo. Tsegulani oyilo wa m'mwendo mwa injini. Akaoneka ngati mkaka, mwalowa madzi. Impela ikanimo yatsopano ngakhale yakaleyo ikuoneka bwino, ndipo injini musailize pouma. Boti likonzereni pafupi ndi madzi, liviikeni, muliyese pamalo osaya kunja kuli bata, a Marine alione. Zonsezi zisanachitike, chonde musakweze mwana wa munthu.